Dokotala wa ku Highfield amene anakhuthula jumbo ya mankhwala a bambo

Bambo anga ali ndi zaka 78. Anabwera kuno ku Harare kuchokera ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo mankhwala a BP akhala akumwa kwa zaka zambiri. Chaka chatha anayamba chifuwa chouma, chopanda makhololo, chovuta kwambiri usiku. Tinagula mankhwala a chifuwa mabotolo atatu, tinawiritsa mandimu ndi jinja, koma ayi ndithu. Anayezetsa TB, osapezeka. Mayi wina wa ku Mvano ndi amene anandilozera kwa dokotala woyima payekha ku Highfield, malo amene kuno timangoti surgery.

Nditaimba foni, mtsikana wa polandirira alendo anati tibwere ndi mankhwala onse amene bambo akumwa, ngakhale ogula okha. Ndinaona ngati n'kutaya nthawi, komabe ndinasesa zonse za pawindo la kuchipinda kwawo n'kuponya m'jumbo.

Dokotalayo, mayi wachikulire wosathamanga polankhula, anakhuthula jumboyo patebulo n'kuyamba kusanja. Apa enalapril wa BP, apa HCT, mapiritsi a BP okodzetsa, kenako kapepala ka pulasitiki kopanda dzina, muli timapiritsi tachikasu.

"Sekuru, awa ndi a chiyani?"

Bambo anayang'ana pansi. Ineyo ndinali ndisanawaonepo. Anali diclofenac, mankhwala ochepetsa ululu, amene ankagula kwa anyamata a mumsewu chifukwa cha mawondo, n'kumamwa awiri tsiku lililonse mwakachetechete. Dokotala sanawakalipire. Anafotokoza m'Chishona pang'onopang'ono, ine n'kumabwereza m'Chichewa pamene bambo asokonezeka: diclofenac amakweza BP, ndipo akakumana ndi enalapril komanso mapiritsi okodzetsa aja, impso za munthu wokalamba zimavutika. Chifuwacho anati akukayikira enalapril yemweyo, poti anthu ena amawatsokomoletsa choncho. Anawasinthira losartan, mankhwala ena a BP, anawapatsa paracetamol wa mawondo, n'kulamula kuti atengedwe magazi oyeza impso. Pasanathe milungu itatu tinayamba kugona tulo m'nyumba muno. Miyezi isanu ija tinkathira ndalama pa botolo, chonsecho gwero lili m'jumbo.

BP sanangoyeza titangolowa. Anawakhazika kaye mphindi zisanu kuti mpweya wa ulendo wa kombi utsike, kenako anayeza mikono yonse iwiri n'kulemba m'kabuku kamene tinapita nako kunyumba. Nesi anatsegula jakisoni m'pepala lake ife tikuona, atamaliza anaponya singano m'kabokosi kachikasu. Anasambanso m'manja asanawagwire bambo, pampopi wotuluka madzi enieni, a m'thanki ya pa borehole. Wina aseka kuti ndikuyamikira mpopi, koma amene tinaona kolera ya 2008, ndi ija ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro, tikalowa pachipatala maso amayamba kufuna madzi. Magetsi a ZESA anathima tili pomwepo, firiji ya katemera sinazime poti pali sola, ndipo pachitseko chake pamatidwa pepala limene amalembapo kuzizira kwake m'mawa ndi madzulo. Kukhoma kuli ziphaso za Medical and Dental Practitioners Council of Zimbabwe ndi Health Professions Authority. Ndinadzuka dala kukaona chaka chake, sizinathe ntchito.

Zondinyansa ziliponso. Salemba nthawi yoti munthu abwere, aliyense amangokhala pabenchi, ndiye tinafika 9 koloko n'kulowa cha m'ma 11, nkhalamba ili ndi njala. Izo n'zopiririka, poti dokotala wosathamangitsa odwala mzere wake suyenda. Chimene sindinachilandire ndi pakamwa pa mtsikana wa pakhomo uja. Amafunsa matenda mokweza ngati akuitanira kombi ya ku Machipisa. Bambo wina patsogolo pathu anafunsidwa ngati wabwerera "zija za mkodzo", benchi yonse n'kutembenuka. Ku Highfield timadziwana, nkhani yotero madzulo imakhala yafika kale kumsika.

Zotsatira za magazi anati masiku awiri. Zinatenga asanu, ndipo ndinaimba katatu ndekha, iwo osandiimbira. Mwayi wake impso zinapezeka kuti zangofooka pang'ono, koma zikanakhala zoipa, masiku atatu owonjezerawo bwenzi tikungokhala osadziwa. Ndinawauza dokotala maso ndi maso, anapepesa, n'kulemba nambala yanga pa fayilo ya bambo ndi cholembera chofiira.

Kuonana ndi dokotala tinalipira $25, magazi padera. Amalandira EcoCash (ndalama za pafoni) ndi medical aid, koma funsani kaye ngati pali ndalama yowonjezera, musachite manyazi pawindo.

Tikubwereranso mwezi wa mawa, ulendo uno 7 koloko, bambo atamwa kale phala. Jumbo ija anaipachika okha pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo dzulo ndinaisuzumira iwo ali kubafa. Timapiritsi tachikasu mulibe.