Coding: kuonera mafilimu kapena maphunziro a pa YouTube?

Mphwanga akufuna kuphunzira coding, kulemba mapulogalamu a kompyuta, ati chifukwa cha mafilimu amaonera ndi anzake ku Kapata kuja, munthu wavala hudi, zilembo zagirini zikutsika pa sikirini, mphindi ziwiri basi walowa mu makompyuta a banki. Mafilimu amakoka mtima, izo sindikana, koma ukadzuka pampando sudziwa olo kanthu.

Ine ndamuuza bundle yake aziithera pa YouTube, maphunziro a Python, chiyankhulo cha coding chija Guido van Rossum anatulutsa mu 1991. Kumeneko kulibe nyimbo zoopsa, utha kuswera tsiku lonse kusaka bulaketi imodzi yomwe unaiwala kutseka, mutu kuwawa, ndipo x ndi y amene ankawathawa pa masamu a Grade 9 akumana nawonso, pano akutchedwa ma variable. Iye amangoseka, ati akulu mwakalamba.