Ntchito za kasitomu: boma ligwire lokha, lilembe ganyu, kapena lipereke kwa kampani?

Amene timatumiza nandolo, tiyi ndi fodya kunja timamva kawirikawiri kuti boma likapereka ntchito za m'madoko ndi m'malire kwa makampani, katundu amayenda msanga ndipo boma limapulumutsa ndalama. Njira zilipo zitatu, ndipo ziwiri zayesedwa ku Mozambique, komwe makontena athu amadutsa popita ku Beira ndi Nacala.

Yoyamba ndi ya kwathu kuno: MRA, bungwe la boma lotolera msonkho, imagwira yokha ntchito pa ASYCUDA World, pulogalamu ya pakompyuta ya za kasitomu yochokera ku UNCTAD, nthambi ya United Nations yoona za malonda. Vuto lake tonse tikulidziwa. Netiweki ikagwa pa Mwanza kapena pa Dedza, mathiraki amandandalika, dalaivala n'kuyatsa mbaula pansi pa thirela kuphika nsima, kontena ili pamsana, sitima ku Beira osadikira.

Yachiwiri ndi ganyu ya nthawi yodziwika. Mu 1997 Mozambique inapatsa kampani ya Crown Agents ya ku Britain ganyu yoyendetsa kasitomu, ndipo mu 2006 ntchito inabwerera m'manja mwa boma. Inali yodula, koma msonkho wotoleredwa unakwera, ndipo ndalama yolipira kampaniyo sinkatoleredwa pa kontena iliyonse ya wamalonda.

Yachitatu ndi imene imandiwawa. Boma silitulutsa kobiri: kampani imagula makina, n'kupatsidwa mphamvu yotolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Mu 2006 kampani ya Kudumba inayamba kuunika katundu ndi sikana padoko la Maputo, ndipo amalonda anadandaula kwambiri chifukwa ndalamayo inkalipiridwa pa kontena iliyonse, kaya yalowa m'sikana kaya ayi, ngakhale yongodutsa popita dziko lina. Pa bajeti ya boma zimaoneka ngati apulumutsa. Zoona zake n'zakuti mtolo wangochoka pamutu pa boma n'kutera pa wotumiza katundu. Mtengo wa nandolo umagamulidwa ndi ogula ku India, ndiye wotumiza sangaukweze. Amakatsitsa mtengo wogulira kwa mlimi ku Mulanje ndi ku Phalombe. Ndipo poti kampaniyo ndi imodzi yokha, kulibe kothawira.

Ku Mozambique komweko, kampani ya MCNet, yomwe inapatsidwa ntchito yoyendetsa Janela Única Electrónica (njira yoperekera mapepala onse a kasitomu pamalo amodzi pakompyuta) mogwirizana ndi boma, bungwe la amalonda la CTA komanso kampani youunika katundu ya SGS, nayonso imalipiritsa ogwiritsa ntchito. Iyoyo ndimaikhululukira pang'ono, chifukwa ejenti woombola katundu amalowetsa mapepala pakompyuta m'malo moyenda ofesi ndi ofesi.

Ine ndimasankha yachiwiri. Ngati boma lasankha yachitatu, pangano lake lilembe zinthu zitatu poyera: mtengo ukhale wokhazikika pa chikalata chimodzi, osati peresenti ya mtengo wa katundu, kontena yosaunikidwa isalipire, ndipo makina akafa kupitirira maola ogwirizana, ndalama ya kuchedwa kwa kontena imene eni sitima amalipiritsa ilipiridwe ndi kampaniyo, osati mwini nandolo.