Tuxedo ya hayala: jekete inandikhala bwino, nsapato ndi mgwirizano ndiye ayi

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo yapita chifukwa cha nsapato ndi pepala la mgwirizano, osati chifukwa cha chovala chenichenicho.

Tinaitanidwa ku phwando la madzulo la kuntchito, ndipo pansi pa khadi analembapo mawu awiri okha, black tie, kutanthauza kuti amuna avale tuxedo. Masuti ndili nawo, yakuda yomwe ilipo, koma anzanga amene anapitako m'mbuyomu anandiuza kuti suti wamba imaonekera patali pakati pa anthu ovala tuxedo. Kugula chovala choti mwina chingokhala mu wadilopu mpaka njenjete zitachipeza sindinakuone kwanzeru, choncho ndinapita ku sitolo ina yobwereketsa zovala za maphwando.

Kwa amene simunaigwirepo, kusiyana kwa tuxedo ndi suti kuli pa nsalu yonyezimira ija ya satini. Imakhala pa kolala ya jekete, imakuta mabatani, imakhala m'milomo ya matumba, kenako imatsika ngati mzere umodzi m'mbali mwa thalauzi kuchokera m'chiuno mpaka kumapazi. Jekete yake yeniyeni imakhala ndi batani limodzi. Thalauzi silikhala ndi tizingwe topisamo lamba, chifukwa lamba savala pa tuxedo. Zimenezi anandionetsa tsiku loyamba lomwelo, ataika suti ndi tuxedo pamodzi pa tebulo, ndipo apa mpamene ndinayamba kuwakhulupirira anthu a m'sitoloyi.

Kuyeza ndi kumene achita bwino koposa. Mayi amene anandithandiza sanandifunse kuti ndimavala saizi yanji. Anangotenga tepi n'kuyamba: chifuwa modutsa m'khwapa, chifuwa kachiwiri modutsa pamwamba pa mikono, khosi, mkono kuyambira pakati pa khosi kumbuyo, kudzera paphewa, mpaka pamfundo ya dzanja. Pofika m'chiuno ndinaloza pamene ndimamangira jinzi, iwo n'kukweza tepi mpaka pafupi ndi mchombo. "Bambo, thalauzi ili limakhala pamwamba. Mukalitsitsa, shati idzatulukira pansi pa batani la jekete." Zinalidi choncho, ndinadzaona anthu angapo kuphwando kuja ali ndi kachidutswa koyera ka shati katasuzumira pamimba.

Anandiveka majekete angapo, ndipo iliyonse ankayamba kuyang'ana mapewa. Mikono akhoza kuipinda kapena kuitsitsa pang'ono, miyendo ya thalauzi chimodzimodzi, koma mapewa a jekete telala sangawakonze pa chovala chobwereka. Anandiuza kuti ndiime chammbali pafupi ndi khoma n'kuyedzamira pang'onopang'ono. Nsonga ya phewa la jekete ikayamba kugunda khoma mkono usanafike, ndiye kuti yakula. Kenako ndimange batani. Nsalu ikakokana pamimba n'kupanga makwinya opingasana, yachepa. Jekete imene inandikhala inali yocheperapo ndi saizi imodzi poyerekeza ndi imene ndimagula nthawi zonse, ndipo mkono wa shati unkatulukira kunja pafupifupi sentimita imodzi, monga mmene ziyenera kukhalira. Sanandithamangitse ngakhale kuti panali anthu ena akudikira pabenchi.

Ali ndi magulu awiri a nsalu. Lotsika mtengo ndi la poliyesitala, lokwererapo ndi la ubweya wa nkhosa. Pa hang'ala zimaoneka ngati zofanana, koma fumbatani mkono wa jekete m'dzanja kwa kamphindi n'kuusiya. Waubweya umabwerera wokha, winawo umatsala ndi mizere. Poliyesitala imasunganso kutentha, ndipo m'holo yodzaza anthu, jekete yosavula usiku wonse, thukuta lake si lamasewera. Pa zithunzi zojambula ndi fulashi imanyezimira thupi lonse, moti satini wa pa kolala uja sasiyananso ndi nsalu ina yonseyo. Ndinatenga yaubweya. Ngati pali malo amodzi oyenera kuwonjezerapo ndalama pa hayala yonseyi, ndi amenewa.

Mtundu ndinasankha wabuluu wodera kwambiri, umene amautcha midnight blue. Masana umaoneka kuti ndi buluu, koma pansi pa magetsi umada kuposa nsalu yakuda yeniyeni, imene nthawi zina imatuwa kapena kuoneka yobiriwirira ikakalamba. Si fashoni yatsopano ayi. Unatchuka m'zaka za m'ma 1930, ndipo mmodzi mwa anthu amene ankaukonda ndi Edward VIII wa ku Britain asanalowe ufumu. Ndipotu jekete yoyamba ya tuxedo, imene atelala a Henry Poole a mu msewu wa Savile Row ku London anasokera agogo ake aamuna, Edward VII adakali kalonga, mu 1865, inali yabuluu. Anaisoka kuti azivala pa chakudya chamadzulo kunyumba kwake ku Sandringham m'malo mwa jekete yamchira ija, yolemera ndi yomangika. Ku America inafika cha m'ma 1886. Ndatchula zimenezi chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti tuxedo iyenera kumuthina munthu ndi kumuumitsa khosi, pamene inayamba ngati chovala chopumira. Ikakulepheretsani kukhala pampando kapena kukweza kapu, vuto ndi saizi.

Kolala ali nazo zamitundu itatu: yansonga zoloza kumapewa, yozungulira yopanda nsonga, ndi yodulidwa ngati ya suti wamba. Yachitatuyi ndi imene ili yambiri m'sitolomo, ndipo ndi imene mnyamata wina wogwira ntchito momwemo ankandikankhizira. Ine sindinaikonde, imachititsa tuxedo kuoneka ngati suti ya kuofesi imene yangomatidwa satini. Yozungulira imawakhala bwino anthu aatali ochepa thupi. Ine wamfupi ndi kamimba kanga ndinatenga yansonga, imakokera maso m'mwamba.

Tsiku lokatenga anandiuza kuti ndivale zonse kachiwiri ndisanatuluke, ndipo musalole kuti angokupatsani chikwama chotseka. Thalauzi linali lalitali pang'ono, likupindikira pa nsapato. Telala wawo analikweza pomwepo ndi ulusi wongogwiriza, woti adzaumasule ndikabweza. Ntchito yaukhondo, kunja sikunkaoneka kanthu. Powerenga timabatani tochotseka ta pachifuwa cha shati tinapeza kuti kamodzi kakusowa, anakalowetsa m'malo popanda mkangano. Pansi pa kolala ya jekete panalinso kabanga kakang'ono kotuwa, kooneka kuti wina anadindapo simbi yotentha. Ndinawapempha kuti alembe pa pepala langa, n'kukajambulanso pa foni iwo akuona.

Tsopano za m'chiuno. Mathalauzi a hayala amawasoka kuti limodzi likwane anthu a ziuno zosiyana, choncho m'mbali muli tizitsulo tokokera. Ukaima umaona ngati zagwira. Ukakhala pansi, kudzuka, kuvina pang'ono, timayamba kutsetsereka. Chakudya chisanathe n'komwe ndinali nditapita kale kuseri kukakoka. Mankhwala ake ndi malamba a m'mapewa, ndipo thalauzilo linali ndi mabatani ake mkati okolekapo malambawo, koma palibe anandiuza, ndipo sanali m'gulu la zinthu zimene amapereka. Funsani, kapena gulani anu. Thalauzi lolendewera kuchokera m'mapewa limagwa mowongoka, mzere wa satini uja osakhota.

Shati yawo inali yochapa bwino, yosita bwino, koma yotopa. M'mphepete mwa kolala munali mutayamba kunyenyeka, ndipo nsalu yake ndi yosakaniza, yosapuma. Inali ya timapinda pachifuwa ndi mikono yopinda kawiri yofuna makafulinki, timabatani tochotseka tomangira mikonoyo. Sinandichititse manyazi, koma shati ndi chinthu chimene chimakhudza thupi ndipo chili pafupi ndi nkhope pa chithunzi chilichonse. Bola kugula yanu yathonje. Tayi ya gulugufe amapereka yomangiratu, yongokola kumbuyo kwa khosi. Ndi yowongoka mopitirira muyeso, mapiko ake ofanana ndendende, moti aliyense amadziwa kuti inabwera choncho. Ine ndinagula yomanga ndekha. Mfundo yake ndi yomwe ija timamangira zingwe za nsapato, kungoti ili pakhosi ndipo ukuyang'ana pagalasi. Yesererani pa ntchafu kaye, manja akazolowera mupite pakhosi. Ikapendekeka pang'ono musadandaule, ndiye kukoma kwake.

Pamimba anandipatsa cummerbund, lamba wansalu wotambalala uja. Mapinda ake amayang'ana kumwamba, ambiri amauvala chadodolido. Ntchito yake ndi kubisa pamene shati yalowera mu thalauzi. Mungathe kuvala wesikoti m'malo mwake, koma osati zonse ziwiri, ndipo ngati jekete yanu ndi ya mizere iwiri ya mabatani, simufunika chilichonse mwa izi popeza siimasulidwa.

Nsapato ndiye zinandikhumudwitsa. Amazitcha zachikopa chonyezimira, koma ndi pulasitiki yokhayokha, youma gwa, yosapinda pamene phazi limapindira. M'sitolo ukayenda masitepe ochepa pa kapeti, sumva kanthu. Pakati pa usiku zidendene zonse ziwiri zinali ndi matuza, ndipo pansi pake mpoterera, moti pa matailosi ndinkayenda ngati ndasenza mtsuko wodzaza. Kumanzere kunalinso mng'alu pamwamba pa zala umene anaubisa ndi polishi. Sindikumvetsa chifukwa chimene sitolo yosamala chonchi pa majekete imasungira nsapato zotere. Ngati muli ndi nsapato zanu zakuda zachikopa, zomanga zingwe, zopanda timabowo tokongoletsa, zipukuteni mpaka ziwale ndipo muvale zimenezo ndi masokosi akuda aatali. Palibe adzakufunseni.

Funso loti kubwereka kapena kugula ambiri amandifunsa chichitikireni phwandolo. Masamu ake ndi osavuta: tengani mtengo wogulira, muwonjezere za telala ndi zochapitsa, mugawe ndi mtengo wa hayala imodzi. Chiwerengero chimene chatulukacho ndi maulendo amene muyenera kuivala kuti ndalama ibwerere. Ndiye dzifunseni moona mtima ngati makhadi a black tie amakupezani kawirikawiri chotero, komanso ngati mimba yanu idzakhale pomwe ilipa zaka zisanu zikubwerazi. Woimba, wotsogolera mwambo, kapena munthu amene ntchito yake ili ndi maphwando otere chaka ndi chaka, agule, ndipo agule yosatsata fashoni, ya batani limodzi, kolala yansonga kapena yozungulira, chifukwa imeneyo sikalamba. Mnyamata amene akukulabe asagule. Kwa gulu la operekeza mkwati hayala ili ndi ubwino wina umene anthu saulingalira: nsalu zakuda sizifanana kuda kwake. Amuna asanu aliyense atavala yakeyake, pa chithunzi wina amaoneka wotuwa, wina wofiirira. Zochokera m'sitolo imodzi, gulu limodzi la nsalu, zimagwirizana. Yogula kwa munthu amene anaivalapo nayonso si yoipa, bola muunike satini wa pa kolala pa kuwala, chifukwa akakalika kapena kupsa kumusintha ndi ntchito yodula.

Chimene chandichotsetsa nyenyezi kwenikweni ndi pepala. Pakamwa anandiuza mtengo wa hayala ndi chikole, basi. Zina zonse zili kuseri kwa lisiti m'timalemba ting'onoting'ono totuwa. Chovala chiyenera kubwerera tsiku lotsatira phwando nthawi isanakwane imene analemba, kupitirira apo amawerengera tsiku lathunthu. Pali kandalama kena kamene anangowonjezera osandifunsa, akuti n'koteteza chovala chikawonongeka, koma ukawerenga bwino kamangokhudza mabanga a chakudya ndi batani lothothoka. Kupsa ndi ndudu, kung'ambika kwakukulu, kapena kutaya chinthu, ulipira wekha mtengo wogulira chatsopano. Ngakhale hang'ala ndi chikwama zili ndi mtengo wake. Malamulowa pawokha si oipa, katundu ndi wawo. Koma munthu amene anatha nthawi yaitali akundiphunzitsa za mapewa akanathanso kundiuza zimenezi m'mawu awiri.

Lamulo limodzi la papepalapo ndikugwirizana nalo: osachapa, osasita. Simbi ikakhudza satini imasiya chipsera chowala chimene sichichoka, ngati chija ndinachipeza pansi pa kolala. Jekete ikakwinyika m'chikwama, ipachikeni m'bafa pamene mukusamba madzi otentha, nthunzi imawongola yokha. Vinyo kapena msuzi ukadonthera, gunditsani kansalu kouma pang'onopang'ono, osapukuta, ndipo mukawauze pobweza kuti chinatayikirapo n'chiyani kuti ochapa adziwe mankhwala oyenera.

Pobweza anawerenga chilichonse pamaso panga, mpaka timabatani tija kamodzikamodzi. Wolandira katundu tsiku limenelo anali wina, ndipo atatembenuza kolala n'kuona kabanga kaja nkhope inasintha. Ndinangotulutsa pepala lolembedwa ndi mnzake, nkhani n'kuthera pomwepo. Chikole sanabweze tsiku lomwelo monga ananenera poyamba, akuti chovala chiyambe chapita kochapa. Ndinachita kuimba foni kuwakumbutsa, ndipo ndalama inalowa yonse patapita masiku. Musachoke pa kauntala opanda siginecha yosonyeza kuti zonse zabwerera, tsiku ndi nthawi zitalembedwa.