Nyali za LED zobwerera m'mbuyo pa Hilux: kuwala kulipo, mabawuti ndiwo achabe

Nyali zotchipa za LED zomwe zadzaza m'mashopu a zipangizo za galimoto zimagwira ntchito, bola apezeke munthu wodziwa kulumikiza mawaya. Ndikunena zija zamakona anayi, zolembedwa 18W, zokhala ndi timababu 6 mkati. Ndinamangitsa ziwiri kumbuyo kwa Hilux yanga ya dizilo, imene ndimanyamulira mbatatesi ku Tsangano ndi ku Bembeke, ndipo zatha dzinja lathunthu zili pomwepo.

Nyali zobwera ndi galimoto zili ndi babu la 21W, ndipo ntchito yake kwenikweni ndi kuchenjeza wakumbuyo kuti ukubwerera. Zokuunikira njira iwalani. Matumba akasanjikizana mpaka kupitirira denga, galasi lapakati limangoonetsa masaka, ndiye umadalira magalasi am'mbali. Kumundako timapakira m'bandakucha, kanjira n'kopapatiza, ndipo kuseri kwa mzere womaliza kumakhala chigwembe. Kale mnyamata wondithandiza ankatsika ndi tochi ya foni n'kumakuwa kuti "bwerani, bwerani, basi!" Pano amatsikabe, poti ana ndi mbuzi sizisowa, koma ndimamuona iyeyo ndi nthaka imene wapondapo.

Pogula muonetsetse pabokosi. Pali za spot, zoponya kuwala patali ngati tochi, ndi za flood, zomwaza kuwala m'lifupi. Zobwerera m'mbuyo tengani za flood. Wogulitsa ankandikakamiza za spot ati n'zamphamvu, koma ine ndikufuna kuona chitsa chimene chili pafupi ndi tayala, osati mtengo wa kutsidya la mtsinje.

Amene ndikuwayamikira kwambiri ndi bambo wina wokonza magetsi a galimoto ku Dedza. Anyamata ambiri amangosenda waya wa nyali yakale, kupotokolerapo watsopano, kukulunga tepi, basi ndalama m'thumba. Bambowa anakana. Anakoka waya wakewake kuchokera ku batire, n'kuika fyuzi ya 10A pafupi ndi batirepo, kenako relay ya mapini anayi, kaswichi kamene kamatsegulidwa ndi magetsi ochepa kuti kadutsitse magetsi ochokera ku batire. Waya wa nyali yakale ntchito yake ndi kungodzutsa relay ukalowetsa giya yobwerera m'mbuyo. Mphamvu yeniyeni imadutsa pa mapini a relay olembedwa 30 ndi 87. Anandiwerengera papepala: nyali ziwiri ndi 36W, pa batire la 12V ndiye kuti 3A. Si zambiri, koma kaswichi ka pa giyabokosi koyatsa nyali zakale kakapsa, kukasintha n'kodula kuposa relay. Waya anaupititsa mkati mwa paipi yapulasitiki motsatira chasisi, kutali ndi ekizozi, ndipo malo onse olumikiza anawotcherera.

Tinakanganapo pang'ono za malo omangapo. Ine ndinkafuna pamwamba, pa zitsulo za kuseri kwa kabini. Iwo anati, "Bwana, mukapakira katundu ziziunikira matumba anu omwewo." Zoona. Tinazimanga m'munsi mwa bampala, chakumbali, zopendekera pansi pang'ono komanso kunja, kuti kuwala kuzigwera pamene magalasi am'mbali amaona. Choipa chake n'chakuti kumeneko n'kumene matayala amaponyera matope. Mvula ikagwa, msewu wa ku Tsangano umazimata zonse, ndiye kansanza kazikhala pafupi.

Tsopano zodandaula. Mabawuti ndi tizitsulo tomangira tobwera m'bokosi tinachita dzimbiri mvula isanathe n'komwe, ndipo nati imodzi inamasuka ndi kugwedezeka kwa msewu. Gulani mabawuti osachita dzimbiri ndi manati okhala ndi pulasitiki mkati tsiku lomwelo. Pabokosi analemba IP67, kutanthauza kuti fumbi sililowa ndipo nyali ikhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Kaya anayesera kuti! Yakumanzere inayamba kuchita nthunzi mkati titangowoloka kamtsinje, madzi atalowera pamene waya amatulukira. Tinaiumitsa padzuwa n'kumata silikoni, ndipo ikuyakabe. Chinanso, zikayaka wailesi imachita phokoso, koma poti kubwerera m'mbuyo sikutenga nthawi, ndimangopirira.

Bambo aja anandiikiranso swichi mkati mwa kabini yokhala ndi malo atatu: kuyaka ndi giya, kuzimiratu, ndi kuyaka galimoto itaima. Yachitatuyi yatithandiza popakira ndi posintha tayala usiku. Ndikalowa mu M1 kapena m'tauni ndimazimiratu, chifukwa nyalizi zimathobwa m'maso, ndipo kuwala koyera kumbuyo kwa galimoto kumasokoneza amene akukutsatira.

A ma Land Cruiser akale a dizilo, yambani mwaona ngati galimoto yanu ili ya 12V kapena 24V. Nyali zambiri zoterezi zimalandira zonse ziwiri, koma relay ya 12V pa galimoto ya 24V imapsa.