Patha chaka chimuikireni mwana wanga maselo a mlongo wake ku India

Mayi wina wa ku Area 25 wandifunsa ngati agulitse puloti kuti mwana wake wodwala matenda a magazi a sickle cell akamuike maselo a m'mafupa ku India monga tidachitira ife. Ndayankha pano kuti makolo anzanga mumve nawo.

Ululu wa m'mafupa uja udatha, ndipo sitinagonenso m'chipatala kudikira magazi. Maselo adagwira bwino chifukwa mlongo wake adafanana naye pa mayeso a HLA (oona ngati maselo a anthu awiri akugwirizana), mwayi umene umagwera mwana mmodzi mwa anayi a bambo ndi mayi mmodzi.

Chatisowetsa mtendere ndi matenda otchedwa GVHD. Ambiri amaopa kuti thupi likana maselo achilendo, koma apa ndi maselo achilendowo amene amaukira thupi. Amabwera ndi asilikali awo, ma T cell, omwe amaona khungu, chiwindi ndi matumbo a mwanayo ngati adani. Kwa ife zidayamba adokotala atachepetsa ciclosporin, mankhwala ofooketsa asilikaliwo. Khungu lidatuluka zidzolo zoyabwa, m'kamwa mudachita zilonda mpaka nsima kumukanika, maso kuuma gwa. Adamupatsa prednisolone, zidzolo zidazilala, koma nkhope idatupa ndipo chitetezo chidatsikiratu. Thupi likangotentha, kaya ndi pakati pa usiku, timathamangira kuchipatala kukayezetsa malungo ndi magazi. Dzuwa limadzutsa zidzolozo, ndiye ngakhale mu Okutobala amavala malaya a manja aatali. Katemera yense wa ku sikelo akuyambiranso, wa chikuku adikire kaye.

Akamasewera mpira panja ndimati ndalama zathu zidagwira ntchito. Bilu ya ku famase ikabwera mtima umawawa. Ciclosporin, Bactrim, aciclovir ndi kuyeza mlingo wa mankhwala m'magazi, zonsezi mitengo yake imatsata dola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 madolawo kuwapeza kwake n'kovuta.

Amene adandikhumudwitsa ndi ejenti wotilumikiza ndi chipatala cha ku India. Mtengo womwe adatiuza unali wa m'chipatala mokha, za miyezi yotsatira sadatchuleko. Tisanalipire ankaimba foni tsiku ndi tsiku, lero pa WhatsApp amangowerenga osayankha. Adokotala a ku India amatithandiza ndithu, koma kuyankhula nawo pa vidiyo n'kolipira.

Amayi, ngati mwana wanu ali ndi m'bale wofanana naye pa HLA, pitani, koma ndalama za puloti zisathere pa ulendo wokha. Musiyeko za mankhwala a chaka chathunthu, ndipo ejentiyo alembe papepala amene adzakuyankheni GVHD ikadzayamba muli kuno ku Lilongwe.