Utelala wa pakhonde kwa achinyamata aulumali: thandizo labwino, bola makina agwirizane ndi thupi

M'madera ambiri muno m'Malawi makomiti a chitukuko, mipingo ndi magulu a anthu aulumali ali ndi njira imodzi yomwe amaikonda. Amapeza wachinyamata waulumali yemwe anasiyira sukulu panjira, n'kumupereka kwa telala wa pamsika wapafupi kuti amuphunzitse kwa miyezi ingapo, ndipo pomaliza amamupatsa makina osokera akeake. Kholo likatifunsa ngati lilole mwana wake kulowa m'ndondomeko yotere, yankho lathu ndi lakuti inde, lilole. Koma lisanavomere, lipite likaone makinawo ndi maso.

Ubwino wake sufuna kufotokoza kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali, pamene malo ophunzitsirako ntchito za manja opangidwira iwowa ndi owerengeka: sukulu ya ku Magomero ku Chiradzulu, fakitale yoluka nsalu ya ku Bangwe ku Blantyre, ndi ena ochepa. Malowa ali m'manja mwa bungwe la boma loona za anthu aulumali lomwe ambiri akulitchabe MACOHA, ngakhale lamulo la 2024 linalisintha kukhala MACODA. Malowa sangalandire onse ofuna kuphunzira. Kwa telala wa pakhonde, mwana amagona kwawo, amadya kwawo, ndipo anthu amene adzamubweretsere nsalu mawa akumuona kale akuphunzira. Amaphunziranso zomwe m'kalasi sizimveka bwino, monga kuyankha mayi yemwe akufuna diresi lachikwati Loweruka koma nsalu wabwera nayo Lachinayi.

Pamene pamagona nkhani ndi pa makina. Ogula amakonda kugula makina opalasa ndi mapazi, a Singer kapena Butterfly, ofanana kwa ophunzira onse, poti ndi amene ali m'sitolo ndipo salira magetsi. Kwa mtsikana wosamva, amenewa ali bwino. Kwa mnyamata woyenda pa njinga ya olumala, ndi chitsulo chongokongoletsa m'nyumba. Chopondera sangachipalase, komanso miyendo yachitsulo ya tebulo imatsekereza poponda pa njinga yake moti sangafike n'komwe pafupi ndi singano.

Kukonza kwake sikovuta. Mutu wa makina umazulidwa pa tebulo lachitsulo n'kuikidwa pa tebulo lamatabwa lomwe kalipentala aliyense angakhome. Pansi pake pakhale mpata wa masentimita pafupifupi 70 kuchoka pansi kuti mawondo alowe, ndi masentimita 80 m'lifupi, popanda thabwa lopingasa kutsogolo. Kenako amamangirira chopukusira cha dzanja. Apa ambiri amalakwitsa: chopukusiracho chili ndi kadzino komwe kamakola pakati pa masipoko a gudumu, choncho makina a gudumu lotseka sangachilandire mpaka gudumulo litasinthidwa. Chikakhala bwino, kupukusa kamodzi singano imabaya katatu. Vuto lotsala ndi lakuti dzanja lamanja latanganidwa, nsalu ikuongoleredwa ndi lamanzere lokha. N'chifukwa chake wophunzira wotere azolowere kuyamba wamanga nsalu ndi mapini ambiri kapena kuilumikiza kaye ndi ulusi wa pamanja, ndipo pa chitsulo cha pansi pa singano pamatidwe katepi kosonyeza malire a msoko. Kumene kuli magetsi, kamota kakang'ono kamathandiza, ndipo chopondera chake chingaikidwe pa tebulo n'kumakanikiza ndi chigongono. Chopukusira chisatayidwe, magetsi amazima.

Khonde lenilenilo lionedwenso. Sitepe ya masentimita 15 imafuna chikweza chotalika masentimita 180 kuti munthu akwere yekha popanda womukankha. Chimbudzi cha pamsika chikhale choti njinga n'kulowamo, apo ayi wophunzira amayamba kudzimana madzi, kenako kujomba. Amene sakumva kukhudza m'chiuno kupita kumunsi akhale ndi khushoni yabwino ndipo azidzinyamulako pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse, chifukwa chilonda cha pokhalira chimatha kumugoneka miyezi. Wachialubino asakhazikidwe kumapeto kwa khonde kumene dzuwa limafika masana. Maso ake amavutika ndi kuwala kothobwa, ndiye akhale pamthunzi, kuwala kuzichokera kumbali, ndipo apatsidwe kachida kolowetsera ulusi pa singano ndi tepi ya manambala akuluakulu.

Za mphunzitsi. Telala waluso si nthawi zonse amakhala mphunzitsi waluso, ndipo makomiti amakonda kusankha wotchuka, yemwe ali ndi ntchito yambiri moti wophunzira amatha mwezi akungosita ndi simbi ndi kusomeka mabatani. Wabwino mumamudziwa pa sabata yoyamba. Amayambitsa wophunzira kusoka pa pepala popanda ulusi, kutsata mizere yowongoka kenako yokhota, mpaka dzanja litakhazikika. Amadulitsa mapatani pa mapepala a matumba a simenti asanakhudze nsalu ya munthu. Amaphunzitsa kumasula ndi kupukuta makina, osati kusoka kokha. Ngati wophunzira ndi wosamva, telala amene sadziwa chinenero chamanja amangoloza ndi chala, ndipo kuloza kumaphunzitsa kusoka koma sikuphunzitsa kuyeza kapena kuwerengera mtengo. Komiti yanzeru imafunsa thandizo ku MANAD, bungwe la anthu osamva, kapena imapeza wachibale woti azimasulira masiku ophunzira miyezo.

Miyezi itatu, yomwe ena amaikonda poti ndi yotchipa, ndi yochepa. Imatulutsa munthu wodziwa siketi ndi kupinda thalauza basi. Isanu ndi umodzi ndiye poyambira.

Asanamalize, wophunzira adziwe kuchiza yekha matenda a makina a tsiku ndi tsiku, chifukwa kwa iye kupita kwa wokonza makina kuboma ndi ulendo wodula kuposa kwa anzake. Ulusi ukamaunjikana kunsi kwa nsalu, ambiri amathamangira kugwira bobini, kosungira ulusi wapansi, chonsecho vuto limakhala ulusi wochokera pamwamba pa makina womwe wakhwefuka kapena unalowetsedwa phazi la makina, kachitsulo kopanikiza nsalu, lili pansi. Makina akamalumpha malo ena osasoka, yambani ndi singano: yapindika, yabuntha, kapena yalowa chozondoka. Pa makina ambiri a mtundu wa Butterfly mbali yophwatalala ya singano imayang'ana ku gudumu. Singano ya nambala 14 ndi ya chitenje, 16 ya khaki ya yunifolomu, 18 ya jinzi. Lamba wachikopa akatamuka amadulidwa kachidutswa kakang'ono, kuboola pena n'kulumikizanso. Ndipo mafuta ophikira asayandikire makina ngakhale pang'ono. Amaoneka ngati athandiza lero, pakapita milungu amauma ngati ulimbo.

Mbali yofooka kwambiri ya thandizoli ndi tsiku lotsatira mwambo wopereka makina. Mfumu yayankhula, zithunzi zajambulidwa, mwana wafika kunyumba ndi makina koma alibe ulusi, zipi, sizasi yakuthwa, simbi kapena ndalama ya lendi ya khonde. Njala ikavuta m'Januwale, pabanja pamayamba kumveka mawu akuti makinawa angokhala, bwanji tigulitse. Makomiti amene amachita bwino amapereka makina pamodzi ndi katundu wa miyezi iwiri kapena itatu, amalemba pamaso pa amfumu kuti makinawo ndi a wophunzirayo osati a banja, ndipo amamulowetsa mu banki mkhonde. Amakonzanso kuti wophunzira amalize cha mu Julayi, kuti apeze msika wa mayunifolomu sukulu zisanatsegulire mu Seputembala. Ntchito yoyamba yodalirika kawirikawiri siikhala ya madiresi. Imakhala ya kaunjika: kuchepetsa m'chiuno, kufupikitsa miyendo, kusintha zipi. Choncho khonde lake likhale pafupi ndi pamene amamasula mabelo tsiku la msika, ndipo mitengo ailembe pa katoni n'kuikhoma pakhoma, kuti wina asamanene kuti amulipira theka poti akungomuthandiza.