Update ya foni yanga ndi tsamba la m'kope la bambo lomwe linakana kuwerengeka

Kwa masabata atatu foni yanga inkandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti kwabwera update, ine n'kumangodina poti ndipanga nthawi ina. Ndine munthu wotero. Chinthu chikamagwira ntchito sindifuna kuchigwiragwira. Ndinadzagonja Loweruka lina usiku nditaona kuti kauthengako sikatopa. Dzina la kampani yomwe inapanga foniyi sinditchula, chifukwa zomwe ndikufuna kunena zikhoza kuchitika pa foni ina iliyonse. Ingodziwani kuti ndi foni yapakatikati, ndakhala nayo zaka ziwiri, ndipo kamera yake imajambula zithunzi za 12 megapixel.

Update yake inali ya 1.9 GB. Ndinaitsitsa pa Wi-Fi, foni ili pa chaja, chifukwa imakana kuyamba batire ikakhala yochepa. Itamaliza kutsitsa inazima yokha, n'kukhala mphindi zoposa 20 ikungoonetsa kamzere koyenda pang'onopang'ono. Mphindi zimenezo n'zowawa. Umayamba kukumbukira zithunzi zonse zomwe sunazisunge kwina.

Itayaka, zinthu zonse zinalipo. Zooneka ndi maso zomwe zinasintha ndingazitchule mu mpweya umodzi: tizithunzi ta mapulogalamu tinakhala tozungulira, wotchi ya pa sikirini inakula, ndipo batani lozimitsira Wi-Fi analibisa pansi pa lina, moti pano ndimadina kawiri pomwe kale ndinkadina kamodzi. Amene anaganiza zimenezi sindikumuyamikira. Masiku awiri oyamba foni inkatentha ndipo batire inkatha dzuwa lisanalowe. Izi musachite nazo mantha msanga, popeza foni ikangolandira update yaikulu imakhala ikukonzanso mapulogalamu ndi kusanjanso zithunzi mwakachetechete. Yanga inakhazikika tsiku lachitatu, ndipo pano batire ikukhala monga kale, osaposa, osachepera.

Nkhani yeniyeni inayamba Lachinayi, achemwali anga aakulu ataimba.

Bambo athu anasiya kope la chikuto chakuda momwe ankalembamo ndi pensulo masiku obadwa a ana awo onse, ndipo kopelo limakhala kwa ine. Achemwali anali atatsutsana ndi achimwene athu ena pa za tsiku lobadwa la achemwaliwo. Iwo ankati ndi pa 13, achimwenewo n'kumati ndi pa 18. Anati ndiwajambulire tsambalo ndiwatumizire, nkhani ithe. Foni yawo ndi ya mabatani, ya sikirini yaing'ono yamitundu. Ilibe WhatsApp, ndipo imelo sanatsegulepo chibadwire. Njira yomwe inatsala ndi ya MMS, meseji ya chithunzi ija yomwe ambiri tinaiwala kuti iliko.

Ndinaika kope pafupi ndi windo, n'kujambula bwinobwino. Chithunzi chinatuluka cha 4.2 MB, chakuthwa moti umaona mpaka pomwe pensulo inathyokera. Ndinachiika mu meseji, n'kudina kuti chipite. Sichinapite. Kanangokhala kakuzungulira, kenako n'kulemba kuti zakanika. Ndinayesa kanayi, ndinazimitsa foni n'kuyatsanso, ndinachotsa SIM kadi n'kuipukuta pa malaya ngati kuti vuto ndi fumbi. Ayi ndithu.

Chomwe chinachitika n'chakuti update ija inafufuta mbali ina ya ma settings a APN, omwe amauza foni njira yolumikizirana ndi data ya kampani ya netiweki. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa ambiri timaganiza kuti MMS ndi SMS yomwe yangonenepa, pomwe ndi zinthu ziwiri zosiyana. SMS ndi timawu tosapitirira zilembo 160 tomwe timadutsa pa njira yomwe netiweki imalankhulirana ndi foni, ndipo sitifuna intaneti. MMS, yomwe inayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 2002, imayenda pa data. Foni yanu imakweza chithunzi ku kompyuta ya kampani ya netiweki yotchedwa MMSC. Kompyutayo imatumiza kameseji kobisika ku foni ya mnzanu kouza kuti kuli katundu wake, ndiyeno foni ya mnzanuyo imapita kukatenga. Adiresi ya MMSC imalembedwa mu APN. Pa foni yanga malo amenewo anali mbee, opanda kanthu. Ndinadina pobwezeretsa ma settings a APN kuti akhale monga anabwerera, ndinayatsa data ya pa SIM (pa mafoni ambiri Wi-Fi yokha siitumiza MMS), ndipo chithunzi chinapita nthawi yomweyo. Kukonzako kunatenga mphindi imodzi. Kupeza pomwe pali vuto kunanditengera madzulo onse, ndipo foni sinandithandize ngakhale ndi liwu limodzi lolozera komwe ndiyang'ane. Apa ndiye pomwe update imeneyi ndaichotsera mamalikisi ambiri.

Patapita mphindi zisanu foni inalira.

"Achimwene, mwanditumizira chiyani? Ndikungoona mizeremizere."

"Ndi tsamba lija, achemwali. Talikulitsani."

"Ndakulitsa. Zangokhala mbuu ngati utsi. Dzina langa ndalizindikira chifukwa ndikulidziwa kale, koma nambalayi kaya ndi 3 kaya ndi 8. Bambo sankalemba chonchi."

Sankanama. Nditatsegula chithunzi chomwe chinapitacho n'kuona kukula kwake, chinali cha 280 KB. Makampani a netiweki amaika malire a kukula kwa MMS, ambiri pakati pa 300 KB ndi 1 MB, ndiye foni imachifinya chithunzi chisanachoke kuti chikwane pa khomo laling'onolo. Siikufunsani. Pa magawo 15 a chithunzi changa, 14 anatayidwa. Chikanakhala chithunzi cha nkhope ya munthu sizikanadandaulitsa, chifukwa nkhope umaizindikira ngakhale mu chisisira. Koma kusiyana kwa 3 ndi 8 wolembedwa ndi pensulo yofufuma ndi timadontho tochepa ta kumanzere kwa nambalayo, ndipo timadontho totero ndi tomwe kufinya kumayamba kudya.

Ndinatumiza chithunzi chomwecho pa imelo kwa mwana wawo wamwamuna, yemwe amagwira ntchito ya pa kompyuta. Chinafika chonse, 4.2 MB yathunthu.

Mkangano wa MMS ndi imelo si wa lero. iPhone yoyamba itatuluka mu 2007 inalibe MMS n'komwe, pomwe timafoni tamabatani tinali titayamba kale kutumizirana zithunzi. Oikonda ankati palibe vuto, tumizani pa imelo, ndiyo njira yabwino kuposa. Ena n'kumayankha kuti agogo anga ali ndi nambala ya foni, alibe adiresi ya imelo. MMS inadzafika pa iPhone kudzera mu update, iPhone OS 3.0 ya mu June 2009, yomwenso inabweretsa kukopa ndi kumata mawu. Ngakhale pamenepo mtundu woyamba uja sunalandire MMS, ndipo makasitomala a kampani ya netiweki ya AT&T ku America anadikira mpaka September chaka chomwecho. Sabata imeneyi ndinaona kuti mbali zonse ziwiri zinkanena zoona, aliyense poyang'ana munthu yemwe akumutumizira.

Imelo ndaikonda pa zinthu zitatu, ndipo chachikulu ndanena kale: siisintha chithunzi pokhapokha mutaiuza. Pa iPhone pulogalamu ya Mail imafunsa ngati mukufuna chaching'ono, chapakati, chachikulu kapena chenichenicho, ndipo mukasankha chomalizachi chimapita momwe chilili. Gmail imalola mpaka 25 MB pa imelo imodzi, kutanthauza zithunzi zisanu za mtundu wa changa chija. Chachiwiri, imelo siikhala mu foni. Foni ikagwa m'madzi kapena SIM ikasowa, mumalowa pa chipangizo china n'kuzipeza zonse. Chachitatu ndi mutu wa imelo. Ndinalemba kuti "Kope la bambo, tsamba la masiku obadwa", ndipo zaka khumi zikubwerazi ndikadzalemba liwu loti kope posakira, chidzatuluka. Kayeseni kupeza MMS ya zaka zitatu zapitazo muone.

Koma ili ndi zake. Imafuna adiresi yolondola mpaka kadontho, ndipo mphwangayo anachita kunditchulira chilembo chimodzichimodzi pa foni, kawiri. Imadya data yambiri, komanso fayilo ikalowa mu imelo imasandutsidwa zilembo ndipo imakula ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, moti chithunzi cha 4 MB chimapitirira 5 MB. Pomwe netiweki ili yofooka imelo yotero imatha kugona mu Outbox usiku wonse. Anthu ambiri saitsegulanso pafupipafupi. Ndinachita kutumiza SMS youza mphwangayo kuti ayang'ane imelo, zomwe n'zoseketsa ukaziganiza. Palinso china chomwe ambiri sachidziwa. Chithunzi chathunthu chimanyamula tsiku ndi nthawi yomwe chinajambulidwa, mtundu wa foni, ndipo ngati munalola kamera kudziwa komwe muli, chimanyamulanso malo enieni pomwe munaima. Kwa mphwanga zilibe kanthu. Kwa munthu wachilendo amene mukumugulitsa njinga pa intaneti, mwamupatsa mapu a kunyumba kwanu.

Wina anena kuti bwanji osangogwiritsa ntchito WhatsApp. Nanenso ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, koma nayo imafinya zithunzi, ngakhale osati mwankhanza ngati MMS. Mu 2023 anaonjezera batani la HD lomwe limathandizako, koma mukafuna chithunzi chifike osakhudzidwa muyenera kuchitumiza ngati Document. Komanso achemwali alibe, ndiye nkhaniyo inathera pomwepo.

Update ija inabweretsanso RCS mu pulogalamu ya mameseji. Iyi ndi njira yomwe inakonzedwa kuti ilowe m'malo mwa SMS ndi MMS. Imatumiza zithunzi zazikulu, imaonetsa kuti mnzanu wawerenga, ndipo imayenda pa Wi-Fi. Apple inaiika pa iPhone mu iOS 18, mu September 2024. Ndinaiyesa ndi mnzanga wa kuntchito ndipo chithunzi cha tsamba lomwe lija chinawerengeka bwino. Vuto lake n'lakuti imafuna kuti mafoni onse awiri ndi ma netiweki awo akhale okonzeka. Zikapanda kutero foni imabwerera ku MMS, mu bokosi lomwelo, ndi batani lomwelo. Chokhacho chomwe chimakuuzani ndi timawu totuwa mkati mwa malo olembamo, tomwe ine wovala magalasi ndinationa tsiku lachisanu. Umaganiza kuti watumiza chithunzi chabwino pomwe mnzako walandira utsi.

Ndiye kodi update imeneyi ndi yoyenera kuika? Ndikuti inde, koma chifukwa chake si tizithunzi tozungulira kapena RCS. Chifukwa chake chimakhudzanso MMS yomweyi. Mu July 2015 katswiri wina wa za chitetezo, Joshua Drake wa kampani ya Zimperium, anaulula bowo mu gawo la Android lotchedwa Stagefright, lomwe limawerenga mavidiyo. Munthu woipa akanatha kukutumizirani MMS yokonzedwa mwapadera, ndipo popeza mafoni ambiri amatsitsa okha MMS ikangofika, foni ikanatha kulowedwa mwini wake asanatsegule n'komwe mesejiyo. Chomwe wakubayo ankafunika ndi nambala yanu basi. Mafoni pafupifupi 950 miliyoni anali pa chiopsezo. Zitachitika izi ndi pomwe Google ndi Samsung analonjeza kumatulutsa ma update a chitetezo mwezi ndi mwezi. Mabowo oterewa sanathe kupezeka, ndipo amatsekedwa ndi ma update omwe timawakankhira mawa aja. Nditayang'ana mu Settings, tsiku la update ya chitetezo yomaliza ya foni yanga linali litatsalira ndi miyezi isanu ndi iwiri. Masabata atatu a miyezi imeneyo anali ulesi wanga, yotsalayo ndi kuchedwa kwa opanga foni. Pano pali mafoni omwe analonjezedwa ma update kwa zaka 7, monga Pixel 8 ya mu 2023 ndi Galaxy S24 ya mu 2024. Ndikamadzagula ina ndidzayamba kufunsa zimenezi ndisanafunse za kamera.

Mukamaika yanu, yambani mwasunga zithunzi kwina, jambulani sikirini ya APN kuti mudzakhale ndi pofananizira, ndipo musaike usiku woti mawa lake muli ndi ulendo kapena ntchito yodalira foni. Ine ndinazimitsanso zoti foni izitsitsa yokha MMS. Pano ikafika imayamba yandifunsa, ndipo ya nambala yosadziwika ndimangoifufuta.

Mphwanga anasindikiza tsamba lija pa pepala n'kukawapatsa mayi ake Lamlungu. Nambala ija ndi 18. Achemwali akuti bambo ndi omwe analakwitsa, ndipo apitiriza kukondwerera pa 13. Dzulo anditumizira MMS ya mdzukulu wawo ataima yekha koyamba atagwira mpando. Ndi ya 90 KB, nkhope ili mbuu, dzanja limodzi likuoneka ngati lasungunuka. Ndaiika pa sikirini ya foni, pansi pa wotchi yaikulu ija.